Gitala ya Komiti

Gitala yakale ya kwaya yathu ku Chilobwe inafa imfa ya madzi. Denga la kachipinda kosungira katundu wa tchalitchi linkadontha, ndipo mvula ya chaka chimenecho sinkaseka ndi munthu. Titatsegula Loweruka lina kuti tiyeserere nyimbo, tinapeza khosi litalekana ndi mimba, mawaya ali lendelende. Kalipentala wa pamsika anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti guluu ali naye, koma iye sadzutsa akufa.

Anzanga a kwaya anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa woimba gitala ija ndinali ine, ndipo woimvetsera kuposa onse anali amayi anga.

Malemu bambo anga anachokera ku Mozambique ali mnyamata, n'kudzakhala telala wa pakhonde ku Limbe. Kaimbidwe ka gitala anabwera nako kuchokera kwawoko, ka zala ziwiri basi. Chala chachikulu chimayenda pa mawaya a mawu aakulu, chamkombaphala n'kumayankha pa ang'onoang'ono. Palibe zokwapula mawaya onse pamodzi, waya aliyense amalankhula payekha. Ndi zimene anandiphunzitsa, ndipo kaimbidwe kena sindinakalabadirepo. Gitala yawo inapita ndi amalume awo maliro atangotha, limodzi ndi makina osokera. Amayi anasamukira kwathu, maso atachita ng'ala moti munthu ankamuzindikira ndi mawu okha. Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi yakutsogolo. Mulungu andikhululukire, sikuti ankatsata ulaliki wa abusa, ankadzamvera zala za amuna awo m'manja mwanga.

Mpingo unasonkha kuti tigule ina. Ndinkayesa kuti anditumiza ndekha, popeza woimba ndine. Ha! Kwathu katundu wa tchalitchi sagula munthu mmodzi. Panasankhidwa komiti: a tcheya a kwaya, bambo wopuma ntchito amene amamanga tayi ngakhale popita kuchigayo, mayi msungichuma, amene chikwama chawo sichichoka kukhwapa, ndi ine wachitatu, amene onse amanditchula kuti a Gitala. Nditanena kuti mwina ndingogula yangayanga ndizibwera nayo, a tcheya anati zida za munthu m'nyumba ya Mulungu zimabala matama.

"Mutu umodzi susenza denga, a Gitala," anatero.

Ndinafuna kuwafunsa za denga lenileni lija, lodontha, kuti mitu yonseyi inali kuti. Koma ine mtima wanga ndi wapachala, ndikayamba sindimaliza bwino, choncho ndinangovomera.

M'mawa wa tsiku lopita ku Limbe amayi anandigwira malaya pakhomo. "Ukasankhe yolankhula," anatero, "osati yokuwa."

M'sitolo ya zida zoimbira magitala anapachikidwa pakhoma ngati nyama pabutchala. Maso anga anagwera pa ina yaing'ono, yamimba yopyapyala, khosi lotakasuka bwino, mawaya ogona pafupi ndi thabwa. Ndinakhala pa kampando, n'kuyamba nyimbo ya chisomo imene amayi amaikonda. Abale inu! Waya aliyense ankamveka payekha, chala chachikulu chikufunsa, chinzake chikuyankha. Misozi inalengeza, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinati, "Ndi iyi."

A tcheya anaiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kameneko n'ka ana a Sande sukulu."

Iwo anali atatsitsa kale chigitala china, chamimba ngati mbiya, chakuda, chonyezimira, chokhala ndi maluwa kuzungulira bowo. Anachigogoda ndi nkhonya monga amachitira posankha dzungu. Anachinyamula ndi dzanja limodzi kuti amve kulemera kwake. Kenako anadziyang'ana nkhope pamimba pake, n'kukonza tayi. Munthu amene sanakhudzepo waya chibadwire, koma kuyesa gitala ankakudziwa kuposa ine.

"Ya anzathu a ku Chinyonga ija ndi yotere," anatero. "Ku msonkhano wa makwaya anatikwirira tonse."

Wogulitsa, munthu wodziwa kumene kukuwomba mphepo, anathamangira komweko. "Bwana mwaona patali. Imeneyi mukangokwapula kamodzi, wa ku benchi yomaliza adzuka ngakhale atagona tulo totani."

Ndinawafotokozera modekha, ndi ulemu wonse umene ndinali nawo m'thumba. Ndinati chachikulucho anapangira anthu okwapula ndi kapulasitiki, oti mawaya onse alire pamodzi. Ndinati khosi lake ndi lopapatiza, zala zanga zonenepazi zizigwira mawaya awiri nthawi imodzi. Ndinati mawaya ake ali pamwamba, ofunika kukanikiza mwamphamvu, ndipo mimba yakeyo imeza timawu tating'ono. Ndinawaimbira pa zonse ziwiri kuti amve okha. A tcheya ankagwedeza mutu ngati akumva, maso ali pa maluwa aja.

Ndiye mayi msungichuma anandikokera pambali.

"A Gitala, inu mukulankhula za nyimbo. Ine ndikuganiza za Lamulungu. Anthu asonkha, akufuna aone ndi maso chimene asonkhera. Tikatulukira ndi kakang'onoka, mawa lomwe Chilobwe yense amva kuti zotsala tadyera tchipisi ku Limbe. Ndipo sanena inu. Anena ine."

"Koma mayi, mtengo wake ndi wofanana!"

"Mtengo suoneka kuchokera ku benchi yakumbuyo. Chimaoneka ndi kukula."

Apa ndipo ndinapsa mtima. Ndinati ngati nkhani ndi kukula, tigule wodirobu, timangepo mawaya. Ndinati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndinati ine ndili ndi mayi wosaona amene sadzaona maluwa amenewo mpaka kalekale, chimene ali nacho ndi makutu. Mawu anga anakwera mpaka anthu odutsa pakhonde anaima kusuzumira.

A tcheya anatsokomola. "Tisakangane pamaso pa akunja. Tichite mwadongosolo." Ndipo ndithu, pakati pa sitolo, anatsegula ndi pemphero lalifupi, n'kuitanitsa mavoti. Ofuna yaikulu akweze manja. Anakweza iwo, anakweza mayi msungichuma, ndipo wogulitsa naye anakweza. Ofuna yaing'ono? Dzanja langa lokha.

Mu minibasi chigitala chija chinagona pamiyendo ya tonse atatu, khosi litatulukira pawindo. Kondakitala anafunsa ngati malirowo ndi a mwana kapena a wamkulu. A tcheya anamuyankha monyadira kuti ndi katundu wa mpingo.

Sabata yonse ndikaweruka ku ofesi ku Ginnery Corner ndinkathamangira kutchalitchi kukalimbana nacho. Kuchinyamula kokha kunali ngati kukumbatira chigubu cha madzi. Zala zinatupa. Ndikagwira waya uyu, wapafupi naye ankalowerera osaitanidwa. Chala chachikulu chikangogunda, chimimba chija chinkabangula n'kukwirira yankho la chamkombaphala. Kunyumba amayi ankafunsa kuti yatsopanoyo ikulankhula bwanji, ine n'kumati ikuzolowera.

Lamulungu linafika. Gitala inalowa ndi perete, itamangidwa riboni pakhosi, a tcheya ataitukula m'mwamba kuti aliyense aone. Nthungululu zinali pwirikiti. Ndinamva mayi wina kumbuyo akuti, "Eya, apa ndiye ndalama zagwira ntchito," ndipo mayi msungichuma anapuma mpweya wautali, nkhope yonse itamasuka. Abusa anaipempherera, n'kuipereka m'manja mwanga.

Ndinayamba ndi zala ziwiri, monga mwa nthawi zonse. Zimene zinatuluka zinali phala. Amayi oimba mawu apamwamba anasowa polowera, anayang'anana, ena anayamba, ena anadikira. Ku benchi ya akulu a mpingo a tcheya anali akundikupizira dzanja, kukwera n'kutsika, milomo ikuti kwapulani, kwapulani. Thukuta linali kamukamu. Ndinapisa m'thumba, n'kutulutsa kapulasitiki kamene wogulitsa anatipatsa ngati basela, ndipo ndinakwapula.

Tchalitchi chinagwedezeka. Anthu anaimirira, m'manja wawawa, ngakhale madoda aja ogona tulo kumbuyo anadzuka n'kuvina. Ndinakwapula ndi ukali wonse wa sabata ija, ndipo ndikamawonjezera ukali, iwo ankawonjezera chimwemwe. Sindinayamikiridwepo chotero m'zaka zonse zimene ndaimba. Potuluka a tcheya anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti a ku Chinyonga akamva, sagona.

Amayi anali akadali pa benchi yawo, manja pamiyendo. Ndinawadzutsa, n'kuwagwira mkono kutsika masitepe. Tinayenda ndithu, kuzemba matope, mpaka pa mjigo.

"Iwe," anatero, "akuchotsa liti pa gitala, osandiuza?"

Ndisanayankhe, anafunsanso.

"Wakwapula leroyu ndi mwana wa yani?"

Ndinayang'ana maso awo oyera aja, akundiyang'ana pambali pang'ono. Ndinati, "Ndi mlendo, amayi."

"Ndinadziwa," anatero, n'kundisisita dzanja lotupa lija. "Wa m'nyumba mwathu sangamenye gitala ngati yamulakwira."