Mbira ya a Kuwabara Ikudya Bwino

Ndagulitsa zakudya za ziweto kuno ku Yatsushiro zaka makumi awiri, koma sindinaonepo kasitomala wovuta ngati a Kuwabara. Moyo wawo wonse ankasoka mphasa za udzu zotchedwa tatami, mpaka anthu anayamba kuyala matabwa m'nyumba, ntchito n'kuwathera m'manja. Chinawatsalira ndi mphuno basi. Akalowa m'sitolo mwanga ankamasula thumba la udzu wouma, kuununkhiza, kuthyola phesi limodzi, kenako n'kundiyang'ana ngati ndawabera.

"Uwu unanyowapo, mayi Nagatomo. Mukufuna kundiphera Kinako?"

"Ndiye kadzaleni wanu, achikulire," ndinkawayankha. Ankandikwiyitsa, sindibisa, koma pa udzu sankaphonya.

Kinako inali mbira ya akazi awo, a Harue. Matenda a shuga anawachititsa khungu mayiwo, kenako mutu nawo unayamba kutaya zinthu. Anaiwala mayina a ana awo, anaiwala ndi njala yomwe. Koma akamva mbira ikukukuta udzu m'khola lake pafupi ndi tebulo, ankati, "Mnzanga wayamba," n'kutsegula pakamwa kulandira phala la mpunga. Mbira ikakhala chete, supuni inkabwerera yodzaza. Choncho udzu umene a Kuwabara ankagula unkadyetsa pakamwa pawiri.

Chaka chimene anawazula mano awo otsala, a Kuwabara anasintha. Anakankhira pambali udzu womweta koyamba, wolimba uja wamapesi, n'kuloza womweta kachitatu, wofewa ngati tsitsi la khanda.

"Ayi, achikulire," ndinawaletsa. "Mano a mbira sasiya kukula. Wolimbawo ndi umene umawafupikitsa."

"Inu mano muli nawo onse, mukudziwapo chiyani? Nayenso wakalamba. Msiyeni adye zofewa."

"Mbira si inu!"

Anaseka ndi nkhama zokhazokha, n'kukumbatira thumba lawo. Ndinawagulitsa. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndikanatha kungonama kuti wofewa watha.

Patatha miyezi isanu, mano a m'kati a Kinako anakula mpaka kupanikiza lilime. Mbirayo inkafika pa udzu, kununkhiza, n'kubwerera dovu lili chuchuchu. Dokotala wa ziweto anawadula manowo, koma anati nsagwada zafooka kale. Masiku amenewo a Harue anaonda mpaka mphete kuvuka pachala. A Kuwabara anabwera n'kutenga udzu wolimba, ndipo ine sindinawakumbutse mawu anga aja. Madzi akatayika saoleka.

Kuyambira pamenepo ankabwera Lachiwiri lililonse, ndipo anavuta kuposa kale. Kununkhiza anasiya. Ankangothyola mapesi pafupi ndi khutu, thumba ili, thumba lija, kufuna olira kwambiri. Ine ndinkangoti ndi ukalamba.

"Kinako ali bwanji?" ndinkafunsa.

"Akudya bwino."

Mvula ya mu Juni itayamba, Lachiwiri lina sanabwere. Ndinakulunga thumba m'pulasitiki kuopa chinyezi, n'kupita nalo ndekha kwawo. Ndinaodira, kuvula nsapato, n'kulowa. Inali nthawi ya nkhomaliro.

Khola linali lotsukidwa bwino, lopanda kanthu, ngakhale kabotolo ka madzi munalibe. A Kuwabara anakhala pansi pambali pa akazi awo, bondo lotupa atalimanga nsalu, supuni ili kudzanja lamanja. Dzanja lamanzere linali m'kholamo, likufinya udzu pang'onopang'ono, kukutu, kukutu. Zala zonse zinali zong'ambikang'ambika ndi mapesi, zina zikutuluka magazi.

Atandiona anapukusa mutu, maso akundipempha kuti ndisatsegule pakamwa. Ndinaloza khola ndi chibwano. Anandionetsa zala zitatu. Miyezi itatu mbira itafa, ine ndikuwaseka kumtima kuti mutu wayamba kuzungulira. Manyazi anandigwira, ndipo misozi inalengeza.

"Kwabwera ndani?" anafunsa a Harue.

"Ndi mayi a udzu aja, amayi," anayankha a Kuwabara.

"Muwauze azibweretsa wabwino. Mnzangayu masiku ano akudya mofooka." Anatembenuzira nkhope kukhoma. Phala linali lisanafike ndi theka lomwe.

Dzanja la a Kuwabara linali litatheratu mphamvu. Ndinagwada, kumasula thumba latsopano, n'kulowetsa dzanja langa m'kholamo. Mapesi anandilasa, koma ndinafinya mwamphamvu.

A Harue anatchera khutu. "Eya, wayamba," anatero, n'kutsegula pakamwa.