Bambo Anga pa Mtanda wa Kumanja

Linali Lachisanu Loyera, nthawi ya 3 koloko masana, pamene anawamanga bambo anga pamtanda. Ndinali ndi zaka khumi. Mpunga unali utayamba kucha m'madambo, ndipo mphepo yochokera kunyanja inkabwera ndi fungo la matemba oyanika padoko la Kachulu.

Kutchalitchi kwathu akuluakulu ankachita sewero la imfa ya Ambuye chaka ndi chaka. Ankazika mitanda itatu pabwalo, munthu n'kuima pa mtondo wovundikira, manja atamangidwa ndi chingwe cha khonje. Ofuna kukhala asilikali sankasowa. Chovuta chinali kupeza mbava, chifukwa dzinalo silinkachoka. Ukakhala mbava tsiku limenelo, ana ankakuitana choncho mpaka mvula ina.

Bambo anali odulidwa mumpingo. Tsiku lina paukwati, ataledzera, anamenya a Namakhwa, mkulu wa mpingo, mpaka kuwagulula dzino. Kupepesa anakana. Kuyambira pamenepo, Lamulungu ankangotiperekeza n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, akusoka ukonde, nyimbo akumvera patali. Ine ndinkakhala pafupi ndi zenera kuti ndiziwaona.

Chaka chimenecho nsomba zinavuta, ndipo bambo analembetsa ulendo wa kumigodi ku Joni. Anayenera kunyamuka Loweruka lake m'mawa. Mayi chakudya sichinkalowa.

"Bambo a Esinati, mukakafera kumeneko muli kunja kwa mpingo, adzakuimbirani ndani?"

Bambo ankangosoka ukonde wawo. Koma atamva kuti mbava ya kudzanja lamanja yasowa, anati, "Kawauzeni ndibwera. Dzinalo ndipita nalo ku Joni."

Woimira Yesu chaka chimenecho anali a Namakhwa omwewo.

Asilikali akuwamanga bambo, mayi wina anakuwa, "Mumange zolimba ameneyo, angagululenso lina!" Bwalo lonse linaseka. Ine ndinabisa nkhope munsalu ya mayi, koma diso limodzi linali kunja.

Mbava ya kumanzere inalalata mawu ake n'kumaliza. Itafika nthawi ya bambo, kunangoti zii. Aphunzitsi, amene ankatsogolera sewerolo, anawanong'oneza mawu oti anene, koma bambo ankangoyang'ana pansi, thukuta likutsika m'khosi. Kenako anatembenuza mutu, popeza china choti n'kutembenuza panalibe.

"A Namakhwa," anatero, "ndinakulakwirani. Dzino lanu sindingalibweze. Mawa ndikupita kutali. Mundikumbukire."

Sanali mawu a sewero. Kuseka kuja kunatha. Ndinkamva mbalame zokha uko kumpunga. A Namakhwa anawayang'ana bambo, chisoti chaminga chitapendekera kukhutu. Poyankha, mpweya unkalira pampata pa dzino paja.

"Ndamva, achimwene. Osati mawa ayi. Lero lomwe, ine ndi inu tili m'nyumba imodzi."

Sewero litatha, anthu anayamba kulowa m'tchalitchi. Aphunzitsi anaima pakhomo n'kunena mwaulemu kuti wodulidwa amayamba walowa kalasi miyezi ingapo asanabwezedwe.

"Aphunzitsi," anatero a Namakhwa, "mbava ija inalowa kalasi liti?"

Anawagwira bambo pamkono n'kulowa nawo. Bambo anakhala pabenchi pafupi ndi ine, akununkha nsomba ndi utsi. Nyimbo zonse ankazidziwa. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti pansi pa mango paja ankaimba chamumtima.

Ku Joni kuja bambo sanabwerekonso. Poyamba uthenga unkafika kudzera mwa anthu obwerera, kenako unasiya. Manda awo sitikuwadziwa. Pano ndili ndi mwana wanga kumbuyo, ndipo agogo ake sadzawaona. Masiku ena lole ikaima pa Kachulu ndimapezeka ndikuyang'anitsitsa otsika.

Sukulu ndinalekera panjira, ndipo pagulu sinditha kuyankhula. Amayi anzanga akamakambirana za chisomo ndimangomvetsera. Koma ndikudziwa chimene ndinaona. Munthu amene anapachikidwa kudzanja lamanja la Yesu uja manja ake anali omangidwa. Sakanatha kubweza chimene anaba, ngakhale kugwada kumene. Anatsala ndi pakamwa pokha ndi kanthawi kochepa, ndipo kwa Yesu zimenezo zinakwana. Ndikawasowa bambo, ndimagwira pamenepo.

M'mawa wa Loweruka lija ndinasenza kaphukusi kawo mpaka pamene pankaima lole ya matemba yopita ku Zomba. Polandira kaphukusiko ndinaona mizere ya chingwe idakali m'mikono mwawo. Ana ena anayamba kukuwa, "Mbava! Mbava ikuthawa!" Bambo anaseka n'kuwabayibitsa.

Lole itasowa m'fumbi sindinapite kunyumba. Ndinapita pabwalo la tchalitchi. Mitanda inali isanazulidwe, ndipo chingwe chinali chikulendewera pa wa kumanja uja. Ndinakwera pamtondo, n'kuchimasula ndi mano. Chinali chikununkhabe nsomba ndi utsi.