A Maloko ndi Ana a pa Chiopsezo

Timawatcha a Maloko chifukwa moyo wawo wonse akhala akugulitsa maloko m'kasitolo kawo ka pakona. Savula taye ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo aliyense wodutsa amamuyang'ana ngati wakuba amene sanagwidwe chabe. Anthu oterewa ndi amene timawasankha kukhala apampando a komiti ya m'dera lathu, kaya anatilodza ndani.

Chaka chatha kunabwera mayi wa zachisamaliro cha anthu kudzatiuza kuti komiti ikonze dongosolo lothandiza achinyamata amene ali pa chiopsezo. Kamawu koti "pa" kanawadutsa a Maloko. Iwo anamva kuti achinyamata ndi chiopsezo, ndipo anagwedeza mutu mokhutira, poti n'zimene akhala akunena chikhalire. Mayiyo anayesa kuwawongola, koma iwo n'kuti atayamba kale kuyeza mawindo a holo ya m'dera lathu ndi maso.

Dongosolo lawo linali mpanda, zitsulo m'mawindo ndi geti lotsegula pa tsiku la msonkhano lokha. Ine ndimasoka pakhonde loyang'anizana ndi holoyo, ndiye pa msonkhano ndinakweza dzanja n'kuwauza za mtsikana wina wa ku sekondale. Akaweruka kusukulu ankakhala pabenchi la m'holomo mpaka mayi ake atabwera kuchokera kuntchito, chifukwa kunyumba kunali bambo womupeza wa manja osakhazikika. Tonse tinkadziwa. A Maloko anati komiti siilowerera za m'nyumba za eni, ndipo enawo anawomba m'manja ngati ana a sukulu ya mkaka.

Geti litatsekedwa, mtsikanayo anayamba kukhala pakhonde panga, mpaka mwini nyumba anandiuza kuti khondelo sanandipatse kuti ndizilererapo ana a eni. Kenako ankangozungulira pa siteji ya maminibasi, chikwama kumsana, kudikira kuti mayi ake atsike. Mvula isanathe anasiya sukulu, kondakitala wina atamupatsa pathupi. Zimandiwawa mpaka lero.

Pa msonkhano wotsatira ndinaitchula nkhaniyi mosapsatira mawu. Ndinkayesa a Maloko agwetsa nkhope. Iwo anangotsokomola pang'ono n'kutembenukira kwa mayi wa zachisamaliro uja monyadira.

"Mwaonatu, mayi," anatero a Maloko. "Tikanachedwa kumanga mpandawu, bwenzi pano akuti mimba imeneyi yachitikira m'holo mwathu."