Lamulungu Limene a Kachingwe Anajomba Kutchalitchi

Ndikukumbukira mpando umene bambo anga ankameterapo anthu, panja pa kanyumba kathu ka malata ku Kraaifontein, kuno kudziko la eni. Unali wothyoka mwendo umodzi, wochirikizidwa ndi njerwa. Makina ankayendera batire ya galimoto, ndipo mphepo ya kuno ija ikayamba, tsitsi linkauluka mpaka kukagwera m'tiyi wa aneba. Mkati mwa sabata bambo ankagwira ntchito ya zomangamanga, yopezeka lero mawa ayi. Lamulungu lokha ndilo linali lodalirika, poti aliyense ankakhala pakhomo ndi mutu wake. Choncho kutchalitchi tinkapita awiri, ine ndi amayi.

Oyamba kufika pampandopo ankakhala azibambo a mpingo wathu womwewo, ofuna kukaoneka bwino pamaso pa Mulungu. Awiri mwa iwo sankatha kukhala pabenchi limodzi osakangana. A Kachingwe, mkulu wa mpingo, ankasamalira maluwa kunyumba ina ku Constantia. Anali munthu wosaseka wamba, ndipo chibwerere kuno anali asanajombepo kutchalitchi. A Mbewe ankagwira ntchito kufakitale, ndipo akamaseka ankaseka ndi thupi lonse. Nkhani yawo inali imodzi chaka chonse, ya dipo ndi chisomo.

A Mbewe ankakonda kuitengera kumudzi. Ankati mbuzi ikadya m'munda mwa eni amaimangirira mpaka mwini wake adzaiombole, ndipo ikaomboledwa nkhani yatha, palibe amauza mbuziyo kuti iwonjezerepo kanthu. Yesu anamaliza zonse, ife n'kungolandira. A Kachingwe ankafunsa kuti nanga mbuziyo ikabwerera m'munda womwewo mawa lake, tizingoti chisomo? Zikatero ankalowa m'nkhani yoti mwini mundayo ndani, Satana kapena Mulungu, ndipo apo m'pamene mawu ankakwera mpaka agalu kuyamba kuuwa. Bambo sankalowerera. Awo anali akuti, "Weramani pang'ono, akulu."

Ine zonsezi ndinkazimva ngati phokoso la sitima, mpaka chaka chimene a Kachingwe anayamba kutiphunzitsa Sande sukulu. Ndinali ndi zaka ngati khumi. Tsiku lina anatiuza mosapsatira kuti munthu wogwira ntchito tsiku la Ambuye akudzikolezera moto wosazima. Anzanga anamva n'kuiwala, koma ine zinandikhala pamtima. Ndikatseka maso ndinkaona kumwamba tili awiri, ine ndi amayi, monga momwe tinkakhalira kutchalitchi. Ndinkawakonda bambo anga kwambiri, ndipo ndinali ndi mantha osauzika.

M'mawa wina wa mu Juni, kukuzizira kolasa m'mafupa, kamvula kakuwaza, ndinatuluka nditavala diresi langa la kutchalitchi. A Kachingwe anali pampando, nsalu ili m'khosi, mutu utametedwa mbali imodzi. Anali pakati pouza a Mbewe kuti chisomo si chiphaso chochimwira. Sindikudziwa komwe ndinazitenga mphamvu, koma ndinaima patsogolo pawo.

"A Kachingwe, ndiye kuti bambo anga adzapsa?"

Makina anazima. Onse a pabenchi anatembenukira kwa ine. A Mbewe, amene ankakhala ndi yankho pa chilichonse, anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Kenako bambo anati, "Muyankheni mwanayo, akulu. Mulimonse momwe muyankhire, mbali inayi ndimaliza."

A Kachingwe anandiyang'ana nthawi yaitali, m'maso mwawo mutafiira ndi mphepo, n'kunena motsitsa kuti zimenezo akudziwa ndi Mulungu. Yankho limenelo silinandikwane. Ndinalira njira yonse, amayi akundikoka dzanja ndi kundikalipira kuti ndawachititsa manyazi.

Lamulungu lotsatira a Kachingwe anafika molawirira, atavala ovolosi yawo ya kumaluwa, jekete ili pamkono. Anaipereka kwa bambo. "Valani iyi, a Banda. Mwana akudikira."

Bambo anakana, nati anthu abwera, ndipo lendi siidziwa Lamulungu.

"Ndimeta ndine. Mipanda ya ku Constantia ndimaidula mowongoka, ndiye mutu wa munthu ungandikanike?"

"Nanga inuyo kutchalitchi?"

"Musandifunse zambiri, ndingasinthe maganizo."

Mpingo wathu unkasonkhana m'kalasi ya pasukulu ina, akuluakulu atapanikizana m'madesiki a ana. Bambo anakhala pakati pa ine ndi amayi, manja a jekete yobwereka ija akulekeza pamwamba pa mfundo za dzanja, thupi likununkhira sipiliti wotsukira makina. Nyimbo sankazidziwa, ankangong'ung'udza. Ulaliki usanafike pakati anali atayamba kusinza, ndipo amayi atafuna kuwagunda ndi chigongono ndinawaletsa. Ndinagwira mkono wa jeketeyo mpaka pemphero lotsekera. Sindikukumbukira tsiku lina la ubwana wanga limene ndinakondwa chotero.

Pobwerera tinapeza zoopsa. Mitu ina inali yathyathyathya pamwamba ngati mipanda yomweyo, ina ili ndi timinjira ngati munda wolimidwa ndi ana. Mnyamata wina wa Chixhosa anali atagwira galasi akungokuwa kuti, "Hayibo, tata!" A Kachingwe anali thukuta lokhalokha m'chisanu chonsecho. Bambo anavula jekete n'kuyamba kukonza, ndipo masana amenewo anthu ambiri anapita kwawo ndi mipala imene sanaifune.

A Mbewe anaseka mpaka kukhala pansi. "Akulu, mwalowa m'malo mwa wochimwa! Si dipo lija limeneli?"

"Imeneyi ndi ntchito, a Mbewe. Chisomo chanu chija chinali pabenchi chikuyang'ana nsapato."

Mkangano unayambiranso pomwepo, ndipo sunathe. Koma kuyambira pamenepo, kamodzi pamwezi a Kachingwe ankabwera ndi ovolosi ndi jekete. Luso lawo silinakwerepo ngakhale pang'ono, moti anthu anaphunzira kufunsiratu kuti sabata ino akumeta ndani.

Lero zinthu zinasintha. Ometa ali m'makontena a magetsi, mpingo uli ndi nyumba yakeyake, ndipo wogwira ntchito Lamulungu amamvera ulaliki pafoni. Mikangano ya chisomo ilipobe, koma imachitikira m'magulu a pafoni pomwepo, pomwe munthu amaponya mnzake kumoto osamuona nkhope. Ndimasowa benchi lija. Bambo anabwerera ku Ntcheu, manja awo tsopano amanjenjemera. A Kachingwe anamwalirira kuno, thupi lawo n'kutumizidwa kumudzi.

Nditawaimbira bambo kuwauza za malirowo, pofuna kuwapepuza mtima, ndinati chosangalatsa n'chakuti akuluwo anadzafewa, anadzavomereza za chisomo. Bambo anati ayi, sanafewe. Anati nthawi iliyonse a Kachingwe akamalandira makina aja ankayamba apemphera chamumtima, chifukwa mpaka tsiku lomaliza ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kumeta Lamulungu ndi tchimo lopita nalo kumoto. Akatero ankayatsa makina, n'kuwauza bambo kuti afulumire, mwana akudikira.