Masipika Amene Anachotsa Amalume pa Ng'oma

Kunyumba kwa amayi ku Pembamoyo kuli katoni yaikulu yolimba imene amasungiramo mbewu ya mtedza. Pambali pake pali chithunzi cha chokuzira mawu chakuda, chimene kwathu timangoti sipika. Ndaganiza zolemba mbiri ya katoniyo chifukwa pa tchuthi chapitachi ndinamva mtsikana wina wa m'kwaya, amene panthawiyo anali akadali kumsana, akunena motsimikiza kuti amalume anachotsedwa pa ng'oma chifukwa manja awo anali atalema. Bodza limeneli lakhazikika m'mudzi, ndipo linatuluka pakamwa panga.

Chaka chimenecho ndinali mu giredi yachisanu, ndipo ndinkatsogolera masitela, atsikana ovala zoyera amene amavina patsogolo pa ansembe polowa m'tchalitchi. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo ankaimba ng'oma. Ankaiwamba padzuwa m'mamawa, n'kumata phula pakati pa chikopa ndi chala chachikulu, akumvetsera atapendeketsa mutu. Mapazi anga anadziwa ng'oma imeneyo ine ndisanadziwe kuwerenga.

Mtedza unabereka bwino, ndipo akhristu anagwirizana zogula masipika Misa ya zokolola isanafike. Wamalonda wina wa ku Chipata anabweretsa mitundu iwiri kuti tidzasankhe tokha. Minibasi inamusiya kumsewu, katunduyo anafika pa ngolo Loweruka masana, ife tikuyeserera kuvina. Ndikukumbukira fungo la pulasitiki watsopano litasakanikirana ndi la fumbi ndi thukuta la ng'ombe. Masipika awiri anali aakulu ondifika pachifuwa, okhala ndi mikombero yonyezimira ndi timagetsi tothwanima. Ena awiri anali amatabwa, osaposa ndowa, olemera modabwitsa, opanda chokongoletsa chilichonse. Wamalonda atanena kuti aang'onowo ndiwo okwera mtengo, anthu anaseka poyesa nthabwala.

Aphunzitsi, amene analinso wapampando wa tchalitchi ndi mtsogoleri wa kwaya, anaika nyimbo ya pafoni yawo m'masipika aakulu. Malata ananjenjemera, mileme inatuluka kudenga, amayi a m'mudzi analulutira. Amalume okha sanaombe m'manja. Anapempha kuti maikolofoni aikidwe pafupi ndi ng'oma, kenaka anandiitana. "Iwe, menya kamodzi. Udikire. Umenyenso." Iwo anakaima kukhomo, natseka maso. Ndinamenya. M'masipika aakulu munatuluka mkokomo wonenepa umene unazungulira m'makoma dzanja langa litabwerera kale pabondo. Wamalonda anasintha mawaya, ndinamenyanso, ndipo aang'ono aja anangoti ndu, n'kukhala chete.

"Aphunzitsi," anatero amalume, "aakuluwa amayamba atafuna mawu asanawalavule. Dzanja lagwa kale, iwo akubwera pambuyo, ndiponso sadziwa kuleka. Aang'onowa akunena zimene ng'oma yanena, pa nthawi imene yanena."

"Ndiye tigule za khutu lanu lokha, a ng'oma?" anayankha aphunzitsi. "Anthu asenda mtedza mpaka zikhadabo kutha, inu mukufuna a ku Mlolo adzationere timawailesi?"

Anthu anasekanso. Pokweza manja osankha aang'ono aja, amalume anali okha. Amayi anga anakweza lawo mpaka paphewa, nayang'ana uku ndi uku, n'kulibweza pa chitenje. Anagulidwa aakulu aja, ndipo imodzi mwa makatoni ake ndi ija ili kwa amayi.

Lero sindikana kuti khutu lililonse lili ndi chimene limakonda. Munthu wofuna kuti chifuwa chizigunda pa ukwati akhoza kusankha masipika aakulu aja osalakwa. Koma ife tinkagulira ng'oma ndi mapazi a ana, ndipo munthu yekhayo amene anadziwa kuyesa zimenezo anamusandutsa choseketsa chifukwa sanapitirire giredi yachinayi.

Pa tsiku la Misa kunazizira, miyendo yathu itayera mbuu ngakhale tinadzola mafuta. Kunabwera alendo ochokera ku Mlolo ndi ku Zingalume. Masipika anaikidwa kumbuyo, mbali zonse ziwiri za khomo, pomwe masitela tinkandandira. Kwaya inali kutsogolo pafupi ndi amalume, ndipo inkamva ng'oma yeniyeni. Ife tinkamva mkokomo wokha. Kugunda kulikonse kunkatupa, kusanathe kwina n'kugweramo, mwakuti sindinadziwe poponda. Ndinaponda pamene mawu anali aakulu kwambiri, ndipo pamenepo panali pochedwa. Atsikana onse anatsata ine. Amayi osenza zopereka m'mbuyo mwathu anayamba kugundana, lichero la mtedza linakhuthukira pansi, ansembe anaima pakhomo kudikira kuti anthu atole. Kwaya inamaliza nyimbo ife tisanafike pakati pa tchalitchi. Mnyamata wina wa ku Mlolo anaseka mokweza.

Misa itatha, aphunzitsi anasonkhanitsa akuluakulu kuseri kwa tchalitchi, nandiitana. Anandigwira paphewa mwachifundo. "Usaope, mwanawe. Tiuze zoona. Unalakwa ndiwe, kapena ng'oma?" Amalume anaima pomwepo, ng'oma ili m'khwapa. Ndinanena zimene makutu anga anamva: "Ng'oma imachedwa."

Amalume anandiyang'ana, natembenukira kwa akuluakulu aja. "Mwanayu sananame. Wanena zimene wamva." Aphunzitsi anawatenga mawuwo ngati kuvomera mlandu.

Mwezi wotsatira kunabwera kiyibodi yokhala ndi ng'oma zake m'kati, yoimbidwa ndi mphwawo wa aphunzitsi. Amalume anauzidwa kuti apumule. Lamlungu lililonse ankakhala panja, pa chitsa cha pafupi ndi zenera, ponena kuti m'kati mumawapweteka makutu. Anthu anayamba kunena kuti anyanyala, ena kuti abwerera kudambwe kwa anzawo a gule. Mvula isanagwe anasiyiratu kubwera. Ng'oma ija anaipachika kudenga la khitchini, kumene inada ndi mwaye mpaka chikopa chinang'ambika chokha. Ine ndinapitiriza kutsogolera masitela zaka zina ziwiri, ndipo aphunzitsi ankanditchula pamaso pa anzanga kuti ndine mwana wonena zoona. Ndinkanyadira zimenezo. Amayi anangondiuza kamodzi, tikutola nkhuni, kuti, "Pakamwa pakopo uzipasamala," ndipo ndinaganiza kuti akunena za kudya ndikuyenda.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti amalume sanasinthe kwa ine. Mtsinje ukadzaza ankandiwolotsa ndi njinga yawo popita kusukulu. Ndikakhoza mayeso ankandiphera nkhunda. Akanandikalipira, bwenzi nditafunsa chimene ndinalakwa.

Ndinadzamvetsa ndili ku koleji, pa phunziro la sayansi, mphunzitsi wathu akufotokoza kuti sipika yopangidwa mosasamala imasunga mawu aakulu m'bokosi mwake n'kuwatulutsa mochedwa ndi mokoka, ndipo kuti akatswiri poyesa masipika amamvetsera kugunda kumodzi kwakufupi. Anzanga ankalemba. Ine ndinkaona amalume ali kukhomo atatseka maso. Ndinakumbukiranso kuti patangopita milungu iwiri chichitikire zija, aphunzitsi anasamutsira masipika kutsogolo mwakachetechete, nachepetsa mkokomo wake, osauza munthu chifukwa chake. Choncho ankadziwa. Mwana wa zaka khumi sakanazindikira kuti funso limene anafunsidwa linali ndi mayankho awiri okha, iye kapena amalume ake, ndipo kuti wolifunsayo anachotsamo dala lachitatu, limene linali kusankha kwa iye mwini.

Amene munalipo tsiku lija mukadali ambiri, ku Pembamoyo, ku Mlolo ndi ku Zingalume. Ngati ndasokoneza mwezi, mawu a munthu, kapena kalembedwe ka Chichewa, ndikupemphani modzichepetsa kuti mundilembere, ndipo ndidzakonza. Ngatinso alipo wina amene anaona dzanja la amalume likuchedwa ngakhale kamodzi, alembe dzina lake pansi pa umboni wakewo, chifukwa amalume akadali moyo ndipo ndidzakawawerengera ndekha.