Nkhata ya Limbani

Ndinaganiza zochoka ku Malawi patatha miyezi isanu ndi itatu chiikireni mkazi wanga Esinati m'manda. Sindinganame kuti inali njala. Ntchito ndinali nayo, ndinkakonza mainjini a magalimoto akuluakulu ku Kanengo. Koma ndikaweruka ndinkadzera njira yaitali, kuopa kufika msanga pakhomo pomwe panalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Mnzanga wina amene anali kale ku Perth atandiuza kuti kumeneko akufuna amakaniko, ndinapemphera sabata imodzi, kenako ndinavomera.

Ana tinali nawo awiri. Limbani, wachisamba, anali atangopeza malo pa koleji ina ku Indiana, ku Amereka. Thoko, amene anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndinapita naye. Ndisananyamuke ndinapita ku Linthipe, kwawo kwa Esinati kumene tinamuika, kukatsanzika alamu anga a Lufeyo, eni mbumba. Ndinawalonjeza kuti chiliza ndidzamanga ndine, ndipo tsiku lochivundukula ana onse awiri adzaima pamandapo, aliyense ndi nkhata yake ya maluwa.

"Musachedwe nazo, alamu," anatero. "Mtumbira mvula imaudya."

Ndinachedwa zaka khumi ndi chimodzi.

Ku Perth tinapeza nyumba ku Armadale, poti lendi yake inali yofikirika. Ntchito inali ku Malaga, mbali ina ya mzinda, mu wekishopu yokonza mapampu a ku migodi. Ndalama zinali zambiri kuposa zomwe ndinagwirapo chibadwire, ndipo zinkathanso msanga: lendi, sukulu ya Thoko, fizi ya Limbani, feteleza wa ku Linthipe. Chomwe sindinachizolowere ndi misewu. Yoyera, yotakasuka, koma munthu umatha kuyenda kuchoka ku siteshoni mpaka pakhomo osapatsidwa moni ndi aliyense. Lamlungu masana tinkasonkhana mabanja angapo a ku Malawi ndi ku Zambia mu galaja ya injiniya wina, kuimba nyimbo za kwathu ndi kupemphera. Sabata yonse ndinkayembekezera maola atatu amenewo.

M'chaka chachinayi Limbani anandiimbira foni m'mawa ndili mu sitima. Anati sukulu anaisiya kalekale, ndalama zomwe ndinkatumiza sizinkakwana, ndipo mapepala ake okhalira m'dzikomo anatha. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Akanati atuluke, sakanaloledwa kulowanso.

"Adadi, musauze munthu," anatero. "Makamaka Thoko. Amandiona ngati munthu wophunzira."

Ndinalonjeza. Nditatsika sitima ndinaima kaye pa siteshoni mpaka basi yanga inandisiya. Alamu akafunsa za chiliza ndinkangoti chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho chikafika ndinkapeza chifukwa china.

Sindikumbukira bwino kuti nkhani za ku Amereka zinalowa liti mu galaja muja. Ndinangozindikira kuti tikangoti ameni, mafoni atuluka kale. Wina aonetse kanema wa mlaliki wa kumeneko akunena kuti Mulungu wasankha mtsogoleri wakuti. Wina aonetse munthu wakuda akupanidwa ndi apolisi. Za mfuti m'sukulu, za kuchotsa mimba, za katemera, za malire. Anthu oti sadzaponyako voti kumeneko ankakangana mpaka mitsempha kuonekera m'khosi. Banja lina la ku Chipata linasiya kubwera chifukwa mkulu wina anawatchula kuti ndi osapulumuka. Ine ndinkangothira tiyi. Mbali zonse ziwiri ndinkamvako mawu oona, ndipo mbali zonse ziwiri ndinkamvako nkhanza, choncho ndinkadziuza kuti kukhala chete ndiyo nzeru.

Thoko apa n'kuti ali namwino, akugwira ntchito cha ku Cannington. Ndi mwana wopemphera kuposa ine. Nkhani ya ana osabadwa imamukhudza kuchokera pansi pa mtima, ndipo sindinamuonepo akuinena monyoza. Amakumbukiranso zaka zisanu zomwe tinadikira chilolezo chokhazikika: mafomu, kuyezedwa magazi, mantha akuti ndikachotsedwa ntchito tipakira katundu.

Loweruka lina m'mawa tinali pa tebulo, iye mbali iyo, ine mbali ino. Limbani anatumiza kanema pa gulupu ya banja, yomwe inali ya atatufe. Amuna ovala zophimba nkhope ankatulutsa anthu pamalo antchito n'kumawakweza m'galimoto. Pansi pake analemba kuti, "Tipempherereni." Ndinaona zala za Thoko zikuthamanga pa foni, ndipo foni yanga inalira.

"Achimwene, lamulo ndi lamulo. Ife kuno tinadikira pamzere zaka zisanu. Amene alibe mapepala abwerere kwawo, si nkhanza zimenezo."

Panapita mphindi zingapo. Limbani anayankha kuti, "Wanena bwino, mlongo wanga." Kenako anatuluka mu gulupu.

Mawu ochepa chabe akanakwana. Ndinatsegula pakamwa, ndinakumbukira lonjezo, ndinamwa tiyi. Kwa zaka ziwiri ana anga sanalankhulane. Thoko ankati mchimwene wake wakwiyira ndale. Limbani ankati wamva chomwe mlongo wake amaganiza za anthu onga iye, ndipo sakufuna kuchimvanso kawiri. Ine mtendere unandithawa. Mu sitima ndinkatsegula nkhani za ku Amereka, osati kuti ndimve zonena za andale, koma kuyang'ana nkhope za ogwidwa, imodziimodzi. Ku ntchito ndinayamba kumanga bawuti imodzi kawiri. Pemphero ndinkaliyamba, n'kulisiyira panjira.

Chomwe chinandinyamula ndi uthenga wa mawu wa a Lufeyo. "Alamu, ine ndakalamba. Mtumbira wa mlongo wanga wafafanizika, adzukulu akufunsa kuti wagona apa ndani. Ngati zakukanikani, tiuzeni timange tokha." Ndinaumvetsera katatu. Mwezi womwewo ndinatsanzika ku ntchito. Thoko anapempha tchuthi cha masabata atatu. Limbani nditamuuza anangoti, "Mukudziwa kuti sindingabwere, adadi. Mundigulireko nkhata."

Mu ndege Thoko anapukusa mutu. "Ngakhale chiliza cha amami? Ndale zawalowa m'mutu achimwene." Ndinayang'ana pa windo.

Ndinkaganiza kuti mikangano ya ku Amereka ndaisiya mu galaja ya ku Perth. Ndinaipeza itandidikira ku Linthipe. Tsiku lomanga chiliza a Lufeyo ankakanda simenti, akazi awo a Nachisale akubwera ndi madzi.

"Alamu, inu mwachokera kunja," anatero a Lufeyo. "Mkulu wa ku Amereka uja ndi mwamuna eti? Wakana zoti amuna azikwatirana okhaokha."

"Mwamuna wanuyo ndi amene wadula thandizo la kuchipatala," anatero a Nachisale akutula ndowa. "Mtsikana uja ankatibweretsera mankhwala pa njinga anamuchotsa ntchito. Akatha mapiritsi anu mukapemphe kwa mwamuna mnzanuyo."

"Thirani madzi apa, mayi inu, simenti ikuuma."

"Ndithira. Koma mwamva."

Amisiri anaseka, a Lufeyo nawo anaseka, ndipo posakhalitsa awiriwo ankamwera thobwa m'chikho chimodzi. Ine ndinaima ndi fosholo m'manja. Ku Perth mawu ochepa kuposa amenewa anathetsa chinansi cha zaka zambiri.

Masana a tsiku loti mawa tivundukula chiliza, amayi ankakonza nkhata pa khonde. Ine ndinakhala chapafupi ndikulemba ndondomeko ya mwambo. A Nachisale ananyamula nkhata imodzi n'kufunsa kuti ya Limbani akaika ndani.

"Akanafuna akanabwera kudzaika okha, anti," anatero Thoko.

"Iwe, abwera bwanji? Akatuluka kumene kuja salowanso. Ndi chimodzimodzi Yohane wanga ku Joni."

Thoko anasiya duwa lomwe anali nalo. "Anakuuzani ndani zimenezo?"

"Kuuzidwa?" A Nachisale anaseka, amayi enanso anaseka nawo. "Mwana zaka khumi osabwera, agogo ake kumwalira iye osaoneka, koma ndalama ya bokosi kutumiza tsiku lomwelo. Ukuyesa sitidziwa kuwerenga zimenezo? M'mudzi muno anyamata ambiri ali ku Joni, mapepala alibe. Ena amawabweza pa basi, timawalandira, akapuma amapitanso. Chamanyazi n'chiyani pamenepo? Wakuba kodi?"

Anapitiriza kumanga maluwa ngati anena za mtengo wa sopo. Thoko anatembenukira kwa ine.

"Adadi, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, mwana wanga."

"Ndiye munakhala pa tebulo paja n'kumandiyang'ana ndikulemba zija?"

 Thoko anaimirira n'kulowera ku dimba. Tsiku limenelo sanandilankhulenso.

M'mawa mwake abusa atapemphera ndi kuchotsa nsalu pa chiliza, woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata. Ndinaika yanga. Kenako anati, "Nkhata ya Limbani, mwana wachisamba wa malemu, amene ali ku Amereka." Palibe anasuntha. Ndinayamba kudzuka, koma Thoko anandidutsa. Anatenga nkhatayo m'manja mwa a Nachisale, anagwada, anaiika pansi pa dzina la amake, ndipo anakhala chogwada mpaka amayi anayambitsa nyimbo kuti amudikire bwino. Atatha kuikanso yake anajambula chithunzi n'kutumizira mchimwene wake, popanda mawu alionse.

Foni inaonetsa kuti Limbani wachiona. Sanayankhe tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Thoko ankangotulutsa foni n'kuibweza m'thumba, ine ndikumuonera m'mbali. Tsiku lachitatu, tikupakira katundu kuti tibwerere ku Lilongwe, anakuwa n'kundipatsa foniyo kuti ndiwerenge ndekha.

"Yapendekeka. Zaka zonsezi sunaphunzirebe kuika chinthu mowongoka?"

Thoko ankaseka misozi ikutsika. Analemba kuti, "Bwerani mudzaiwongole nokha," koma asanatumize anayang'anitsitsa mawuwo n'kuwafufuta. Anavula nsapato za paulendo, anapempha amalume ake kuti amuperekeze ku manda kukawongola nkhata ija, ndipo minibasi inatisiya.

Thoko anabwerera ku Perth. Ine ndinatsala, ndipo tsopano ndikukhala ku Linthipe konkuno, ndikukonza zigayo ndi mapampu a m'madimba. Sindinena kuti zonse zatha. Maganizo ake pa za ana osabadwa ndi omwewo, ndipo pa za malire amati akuganizirabe. Amakangana ndi mchimwene wake pa foni, nthawi zina mpaka wina kudula, koma amaimbirananso. Limbani akadali kumene ali, amayang'ana pa windo asanatuluke m'nyumba. Nanenso ndikadzuka ndimayamba ndi foni, kuyang'ana nkhope za ogwidwa.

Ine ndinkayesa kuti manyazi a mwana wanga ndinachoka nawo kwathu. Ayi, tinawatola kunja, kumene pepala ndi lomwe limanena kuti munthu ndi ndani. Chinsinsi chomwe ndinachisenza zaka zisanu ndi ziwiri ku Armadale, mpaka chinatsala pang'ono kundilanda ana, kuno chinali nkhani yokamba uku akumanga maluwa.

Dzulo potuluka m'tchalitchi a Lufeyo anandikuwira ali kutsidya kwa msewu, anthu onse akumva. "Alamu! Kuli bwanji kwa mwana wathu wopanda mapepala uja?"

 Ndinakweza mawu kuti amve bwino. "Alipo, alamu. Akuopa, koma alipo. Muzimupempherera pomutchula dzina."