Kukatenga Kalata ya Dokotala ku Lusaka

Tinanyamuka ku Mfuwe Lachiwiri lina m'mwezi wa Epulo, 7 koloko m'mawa, ine ndi amuna anga a Sakala. Katundu wathu anali chikwama cha zovala ndi kachikwama kotuwa ka makina othandiza kupuma otchedwa CPAP, kamene iwo anakana kuti kaikidwe kumbuyo pamodzi ndi matumba a mpunga. Takisi ya ku Chipata inali K150 munthu mmodzi. Dalaivala anawayang'ana a Sakala kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti mpando wakutsogolo ndi wa anthu awiri, choncho tilipire ngati anthu atatu. Tinagwirizana K400.

A Sakala ndi dalaivala pa loji ina, ndipo akhala akuyendetsa alendo m'paki kukaona nyama kwa zaka khumi ndi zinayi. Ndi munthu wathupi kwambiri. Chaka chapitacho dokotala wa ku Lusaka anawapeza ndi vuto lobanika kutulo: kummero kumatsekeka, kupuma n'kuima, kenako n'kudzidzimuka ndi mkonono. Loji inawathandiza kugula makina opopa mpweya kudzera m'paipi ndi masiki ya pamphuno, kuti kummeroko kuzikhala kotseguka. Mkonono unatheratu. Koma m'mawa uliwonse ankadzukabe mutu uli wolemera, ndipo mu Novembala anasinza pachiwongolero alendo anayi akujambula njovu. Mwayi wake injini inali yozima. Amanijala anati nyengo ya alendo isanayambe mu Meyi, abwere ndi kalata ya dokotala yonena kuti angathe kuyendetsa. Kalata imeneyo ndiyo tinkakatenga.

Pa Masumba panakwera mphunzitsi wamkazi wochokera ku Malama. Anatipatsa moni, kenako maso ake anagwera pa kachikwama kaja.

"Muli wailesi mmenemo, bambo?"

A Sakala anafotokoza zonse monyadira, ngati akuonetsa alendo mapazi a nyalugwe. Anati m'mawa uliwonse makinawo amaonetsa kankhope kobiriwira kosekerera, ndi nambala 2, kutanthauza kuti anabanika kawiri kokha pa ola, pomwe kale zinkapitirira makumi asanu.

"Ndiye mukupitiranji kuchipatala?"

"Kukasainitsa chabe."

Tisanafike pa Jumbe, ku boma la Mambwe, anali atagona, chibwano chili pachifuwa. Wapolisi wapamsewu anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati abwanawo anayamba m'mawa. Ndinamuuza kuti sakumwa mowa.

Kuchoka pamenepo msewu umakwera mapiri, ndipo kutentha kwa m'chigwa kumatsala m'mbuyo. Tinadutsa minda ya thonje ndi mpendadzuwa, ndi njinga zosenza makala matumba atatuatatu. Ku Chipata tinafika cha m'ma 10 koloko. Tinagula matikiti a basi ya mawa, K450 iliyonse, n'kupita kwa mng'ono wanga ku Kapata. Magetsi kunalibe, choncho mlamu wanga anatibwereka batire ya sola imene amaonera mpira, kuti tiyatsire makinawo.

Ndinene pano chimene ine ndinkadziwa. Chiyambire kugwiritsa ntchito makinawo, bulangete la a Sakala silinkakwera ndi kutsika monga limachitira pa munthu wogona. Linkangogwedezeka pang'ono, mofulumira. Ndikaika dzanja pachifuwa pawo, ndinkamva ngati mwana wa nkhuku akupuma m'kati mwa thupi lalikululo. Ndinawauzapo kamodzi, iwo n'kundionetsa kankhope kobiriwira kaja.

Lachitatu basi inanyamuka 6 koloko. Mlaliki wina anatipempherera mpaka pa mphambano yotulukira m'tauni, analandira zopereka, n'kutsika. Katete, Sinda ndi Petauke a Sakala sanawaone. Pa Nyimba ndinagula nthochi za K20 pawindo, ndipo mayi wogulitsayo anathamanga ndi basi mpaka anandiponyera chenji. Kenako kunabwera mapiri okhotakhota aja. Pa khona lina panali lole itagona cham'mbali, dalaivala wake atakhala pa tayala akudya nzimbe.

Pa mlatho wa Luangwa tinaima cha m'ma 12 koloko. Pamenepa pamagulitsidwa madengu, mphasa ndi nsomba zowamba. Mtsinjewo ndi womwe uja wakwathu, koma nsomba yake apa ndi K60. Tinagula imodzi ndi chinangwa chokazinga, n'kukhala pa benchi.

"Mayi a Misozi," anatero a Sakala, "mawa akakufunsani, za mutu musanene. Za njovu zijanso ayi."

"Nanga ndinene chiyani?"

"Kuti mkonono unatha. Si bodza limenelo."

"Si bodza."

"Misozi ali mu giredi 12. Mukudziwa kuti pa loji akangomva kuti sindingayendetse, pali anthu asanu akudikira kiyi."

Ndinachotsa minga m'nsomba ija n'kuwapatsa mbali yonona. Basi inaliza hutala.

Mu Lusaka tinalowa cha m'ma 4 koloko madzulo. Anthu oitanira takisi anatizungulira tisanatsike n'komwe, ndipo mmodzi anagwira kachikwama kaja, a Sakala n'kumulanda ngati wawalanda mwana. Tinapeza chipinda cha K350 pafupi ndi chipatala.

Lachinayi 9 koloko tinalowa kwa dokotala, mayi wachitsikana wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Anasolola kakhadi kakang'ono m'mbali mwa makinawo n'kukalowetsa m'kompyuta. Anayang'ana kwa nthawi yaitali. Anafunsa ngati masiki imataya mpweya m'mbali, anawaveka, anayatsa makina, anapapasa m'masaya, n'kunena kuti ikugwira bwino.

"Bambo, mumadzuka bwanji m'mawa?"

"Bwinobwino."

"Masana simusinza?"

"Ayi, zinatha zimenezo."

Dokotala anatembenukira kwa ine. "Amayi, inu ndi amene mumawaona akagona. Mukuti bwanji?"

A Sakala ankayang'ana kalendala ya pakhoma. Ndinanena za mutu, za bulangete, za takisi ndi basi, ndi za njovu. Ndinanena mwachidule, mosawonjezera.

Dokotala anatenga botolo la madzi la theka la lita limene linali patebulo pake.

"Munthu wamsinkhu wanu akakoka mpweya kamodzi, uyenera kukhala pafupifupi wodzaza botolo ili. Kakhadi kakuonetsa kuti mukagona mumakoka wofika apa." Anaika chala pakati pa botolo. "Makina akugwira ntchito yake, njira ndi yotseguka. Koma chifuwa chikulemedwa ndi thupi, sichikufutukuka mokwanira. Mpweya woipa umatsalira m'magazi. Ndiwo ungakhale ukukupatsani mutu ndi tulo ta masana."

"Koma amaonetsa kankhope kosekerera."

"Kamawerenga kubanika. Kuchepa kwa mpweya umene mukukoka kalibe nako ntchito. Komabe nambala ya makina ndi yongoyerekeza, tiyenera kutsimikiza."

Anawatenga magazi pamkono pafupi ndi chikhatho, ndipo a Sakala, amene amaima chilili njati ikuwayang'ana, anatsinzina. Anawagoneka m'chipatala usiku umodzi, atawamata mawaya, kuti awayese ndi makina ena amene amakankha mwamphamvu munthu akamakoka mpweya, n'kufewetsa akamatulutsa. Ine ndinabwerera kuchipinda chathu ndekha.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza atakhala pabedi akumwa tiyi. Ndinawafunsa za mutu. Anati ulipo pang'ono, osati monga masiku onse. Dokotala anati magazi atsimikiza zimene ankaganiza. Anatibwereketsa makina atsopanowo kwa miyezi iwiri, anawauza za kuchepetsa thupi, n'kulemba kalata. Inati a Sakala asayendetse galimoto mpaka atayesedwanso mu Juni.

Loweruka tinakwera basi yobwerera. Kuyambira ku Lusaka mpaka ku Sinda sanandilankhule, ngakhale kuti sanagone. Ankayang'ana panja, kalata ili m'thumba la malaya. Titadutsa Sinda ndi pomwe anafunsa, maso ali pawindo:

"Za bulangetezo munayamba kuziona liti?"

"Mu Julayi."

"Tsiku lililonse?"

"Pafupifupi."

"Ndiye munkagona nthawi yanji?"

"M'bandakucha, mukadzuka kupita ku loji."

Basi inaima pa Katete. Kumeneko anatsika, anagula chimanga chowotcha chiwiri, n'kundipatsa chachikulucho.

Ku Mfuwe tinafika Lamlungu masana. Lolemba a Sakala anapita okha kukapereka kalata, atavala yunifolomu yosita. Anabwera madzulo opanda kiyi wa galimoto. Amanijala anawaika ku galaja, kuyang'anira matayala ndi mafuta, malipiro otsikirapo komanso popanda kangachepe kamene alendo amapatsa madalaivala. Galimoto yawo anaipereka kwa munthu wina, ndipo ngati adzaibweze mu Juni sananene.

Aliyense amene ali ndi ulendo ngati umenewu anyamule makina onse, osati kakhadi kokha, ndipo atenge munthu amene amagona naye chipinda chimodzi. Dokotala adzamufunsa ameneyo, ndipo ndi bwino munthuyo aganiziretu m'basi chimene akayankhe. Ine ndinali ndi maola anayi kuchokera pa mlatho mpaka ku Lusaka, ndipo sanandikwanire. Ndinasankha nditakhala kale pampando wa m'chipinda cha dokotala.